Ismat Chughtai: mlembi wa Chiurdu amene nkhani yake ya chofunda inafika kukhoti

Anthu akamakambirana za mabuku a ku India ndi Pakistan, dzina la Ismat Chughtai silichedwa kutuluka, ndipo likatuluka pamabuka mkangano. Ena amati anali mayi wolimba mtima amene anatsegulira akazi anzake njira yolemba. Ena amati ankalemba zolaula. Enanso, makamaka achinyamata a masiku ano, amamutenga ngati mmodzi mwa oyamba kulemba m'Chiurdu za akazi ogonana okhaokha. Onsewa amaloza nkhani imodzi ya masamba ochepa, yotchedwa Lihaaf, yomwe inatuluka mu 1942, ndi mlandu umene unatsatirapo. Komatu mayiyu analemba kwa zaka zoposa 40: nkhani zazifupi, mabuku aatali, masewero, mafilimu ndi mbiri ya moyo wake. Owerenga ake ankamutchula kuti Ismat Apa, monga kunena kuti achemwali.

Kuti timve chimene anthu akukanganirana, tiyenera kudziwa kaye chiyankhulo chimene ankalemba, nyumba zimene ankalemba za izo, gulu la olemba limene analimo, lamulo limene linamuzenga, ndi kugawidwa kwa dziko lake mu 1947.

Chiurdu ndi chiyankhulo chanji?

Chiurdu chinakulira kumpoto kwa India, makamaka m'dera lozungulira Delhi. Kumeneko chiyankhulo cha anthu wamba chinasakanikirana kwa zaka mazanamazana ndi Chiperisiya, chomwe chinkayankhulidwa kunyumba za mafumu achisilamu, ndiponso ndi mawu a Chiarabu. Pakamwa, Chiurdu ndi Chihindi n'zofanana kwambiri, moti anthu awiri amatsatsana malonda pamsika bwinobwino, wina n'kumati akuyankhula Chiurdu, mnzakeyo n'kumati Chihindi. Kusiyana kuli pa pepala ndi pa mawu ozama. Chiurdu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndi zilembo zochokera ku Chiperisiya ndi Chiarabu, ndipo mawu a maphunziro, chipembedzo ndi ndakatulo chimakatenga komweko. Chihindi chimalembedwa kuchokera kumanzere ndi zilembo za Devanagari, ndipo mawu ake ozama chimatenga ku chiyankhulo chakale cha Sanskrit.

Taganizirani munthu wa ku Mchinji ndi wa ku Chipata. Wina amati Chichewa, wina Chinyanja, koma amamvana, amagulitsana chimanga, amakwatirana. Ndiye tiyerekeze kuti aliyense akulemba ndi zilembo zimene mnzakeyo sangathe kuwerenga ngakhale chikwangwani cha pa golosale, kenaka andale n'kuyamba kulalika kuti ichi ndi cha chipembedzo chakuti, icho n'cha chipembedzo china. Ndi zimene zinachitika ku India kuyambira m'zaka za m'ma 1800. Chiurdu chinayamba kutchedwa cha Asilamu, Chihindi cha Ahindu, ngakhale kuti akatswiri ambiri olemba Chiurdu sanali Asilamu. Mwa anthu anayi amene kawirikawiri amatchedwa mizati ya nkhani zazifupi za Chiurdu, Krishan Chander anali Mhindu, Rajinder Singh Bedi anali Msikhi, ndipo Asilamu anali Saadat Hasan Manto ndi Ismat, mkazi yekhayo pagulupo.

Lero Chiurdu ndi chiyankhulo cha fuko ku Pakistan, ngakhale kuti anthu ambiri kumeneko amayamwira Chipunjabi, Chipashto kapena Chisindhi. Ku India chili m'gulu la ziyankhulo 22 zolembedwa m'malamulo aakulu a dziko, ndipo kalembera wa 2011 anapeza anthu oposa 50 miliyoni ochiyankhula ngati cha makolo awo. Amene mumaonera mafilimu akale a ku Bombay (lero Mumbai) mwachimvapo osadziwa, chifukwa nyimbo ndi zoyankhula za m'mafilimuwo zambiri zinkalembedwa ndi alakatuli ndi alembi a Chiurdu.

Nyumba ya mkati

Ismat anabadwira ku Badayun, m'chigawo chimene lero ndi Uttar Pradesh, pa 21 Ogasiti. Mabuku ambiri amati chinali chaka cha 1915, ena amati 1911. Anali wa nambala 9 mwa ana 10. Bambo ake ankagwira ntchito m'boma ndipo banjali linkasamukasamuka, ku Agra, ku Aligarh, ku Jodhpur. Achemwali ake anakwatiwa iye adakali wamng'ono, choncho anakulira pakati pa alongo ake aamuna, ndipo mmodzi mwa iwo, Azim Beg Chughtai, anali kale mlembi wodziwika wa nkhani zoseketsa. Sukulu anachita kuimenyera nkhondo. Iye mwini analemba kuti makolo atamukaniza kupitiriza maphunziro, anawaopseza kuti athawa, akalowa Chikhristu n'kukaphunzira kusukulu ya mishoni. Anamulola. Anaphunzira ku Aligarh, kenaka ku Isabella Thoburn College ku Lucknow, n'kudzachitanso maphunziro a uphunzitsi. Anakhalapo mphunzitsi wamkulu pasukulu ya atsikana ku Bareilly, ndiponso woyendera sukulu ku Bombay.

Nyumba za mabanja olemekezeka m'nthawi imeneyo zinkagawidwa pawiri. Kutsogolo kunali kwa amuna ndi alendo. Kumbuyo, kuseri kwa khoma ndi makatani, kunali zenana, kokhala akazi, ana ndi antchito aakazi. Mwambo wobisa akazi kwa amuna achilendo umatchedwa purdah. Sunali wa Asilamu okha, pakuti Ahindu a mabanja apamwamba kumpoto kwa India ankausunganso, ndipo unkasonyeza ulemu wa banja: mkazi wa mlimi wosauka sakanabindikira m'nyumba pamene munda ukumudikira.

Mabuku onena za akazi a m'zenana analipo kale Ismat asanabadwe. Mu 1869 Nazir Ahmad anatulutsa Mirat-ul-Uroos, nkhani ya atsikana awiri apachibale, Akbari wosasamala ndi Asghari wanzeru, yophunzitsa mmene mkazi wabwino ayenera kusungira banja. Mu 1898 ku Lahore kunayamba magazini ya akazi yotchedwa Tahzib-e-Niswan. Zolemba zoterezi zinkalangiza mkazi mmene ayenera kukhalira. Ismat anayamba kulemba mmene akaziwo ankakhaliradi amuna akachoka: nsanje ya mpongozi ndi mkazi wa mwana wake, mantha a mtsikana amene thupi lake likusintha popanda womufotokozera, wantchito wamng'ono wopatsidwa mimba ndi mwana wa bwana, wamasiye amene aliyense akumuona ngati katundu wolemera.

Analembanso m'kayankhulidwe ka akaziwo, kamene kamatchedwa begumati zaban. Ndi Chiurdu cha kukhitchini, cha m'chikuta ndi cha pa makina osokera, chodzaza ndi zining'a, matemberero, mikuluwiko ndi mawu olasa. Amuna ophunzira ankakaona ngati kayankhulidwe kosayenera kulowa m'buku. Iye anakaika m'kamwa mwa anthu a m'nkhani zake, ndipo nthawi zambiri m'kamwa mwa wofotokoza nkhaniyo.

Nkhani imene ikuonetsa bwino zonsezi, ndipo kwa ine ndi imene imakhudza mtima kuposa Lihaaf, ndi Chauthi ka Joda. Bi Amma ndi mayi wamasiye, katswiri wodula ndi kusoka zovala za ukwati, amene akazi onse a m'dera amathamangirako nsalu ikawavuta. Mwana wake wamkulu, Kubra, zaka zikumupitirira osapeza banja chifukwa ndi osauka. Chaka ndi chaka mayiyu amamusokera chovala chimene mkwatibwi amavala tsiku lachinayi la ukwati, n'kuchisunga m'bokosi. Tsiku lina akumva kuti Rahat, mwana wa mlongo wake, akubwera kudzakhala nawo pochita maphunziro a upolisi. Nyumba yonse ikudzuka. Akugulitsa tizodzikongoletsera totsala, akumuphikira nyama ndi mikate yamafuta iwo akudya zouma, Kubra akumuchapira ndi kumulukira juzi ali kuseri, osaonekera. Amene akutumidwa kukapereka chakudya ndi mng'ono wake Hamida, ndipo mnyamatayo akuyamba kumugwiragwira, pamene akuluakulu akuti ndi macheza a pachilamu. Pamapeto Rahat akunyamuka, ukwati wake unakonzedwa kale kwina. Kubra akumwalira ndi chifuwa chachikulu, ndipo Bi Amma akutenganso sizasi kudula nsalu yoyera yokulungira mtembo. M'nkhani yonseyi mulibe ulaliki, muli mitengo ya zinthu, fungo la kukhitchini ndi manja a Kubra okhakhala ndi ntchito.

Buku lake lalitali lotchuka, Terhi Lakeer, la m'katikati mwa zaka za m'ma 1940, limatsata mtsikana wotchedwa Shamman kuchokera paubwana wosasamalidwa m'banja la ana ambiri, kudutsa kusukulu yogonera komweko, mpaka kukula. Ambiri amaonamo mbali za moyo wa mlembi mwini.

Gulu la olemba ofuna kusintha zinthu

Mu 1932 ku Lucknow kunatuluka kabuku kotchedwa Angarey, kolembedwa ndi achinyamata anayi: Sajjad Zaheer, Ahmed Ali, Mahmud-uz-Zafar ndi dokotala wamkazi Rashid Jahan. Kanadzudzula chinyengo cha atsogoleri achipembedzo ndi nkhanza za m'mabanja, ndipo boma la chigawocho linakaletsa mu Malichi 1933. Mkwiyo umene kabukuka kanadzutsa ndi umene unabala bungwe la Progressive Writers' Association. Mfundo zake zinalembedwa ku London, ndipo msonkhano wake woyamba waukulu unachitikira ku Lucknow mu Epulo 1936, wapampando ali Premchand, mlembi wamkulu wa Chiurdu ndi Chihindi. Ismat, adakali mwana wasukulu, analipo pamsonkhanowo.

Mfundo ya gululi inali yoti mabuku aleke kungoimba za maluwa, vinyo ndi okondedwa a m'maloto, ayambe kunena za njala, umphawi, utsamunda ndi kuponderezana. Ambiri mwa atsogoleri ake anali a chikomyunizimu kapena ogwirizana nacho. Kwa Ismat, chachikulu chimene anapezamo chinali Rashid Jahan, mkazi wophunzira, woyankhula mosapsatira, amene ntchito ya udokotala inamuonetsa matenda ndi misozi ya m'zenana. Ismat ananena poyera kuti akazi ambiri olimba mtima a m'nkhani zake anawaumba poyang'ana Rashid Jahan.

Zolemba zake zoyamba zinatuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 m'magazini ya Saqi ya ku Delhi, ndipo owerenga ena ankaganiza kuti ndi mlongo wake Azim Beg amene wabisala m'dzina la mkazi. Koma gululi silinali la mtima umodzi. Ena mwa akuluakulu ake ankaona kuti nkhani za thupi ndi chilakolako zikusokoneza nkhondo yeniyeni ya antchito ndi alimi, ndipo Manto anadzudzulidwa kwambiri pa chifukwa chimenechi. Ismat anakhalabe m'gululi, koma sanaleke kulemba za kuchipinda.

Kodi "zolaula" n'chiyani pamaso pa lamulo?

Lihaaf ndi chofunda chochindikala chothiramo thonje, cha m'nyengo yozizira. Nkhaniyi inatuluka m'magazini ya Adab-e-Latif ya ku Lahore. Wofotokoza ndi mkazi amene akukumbukira ali kamtsikana, mayi ake atakamusiya masiku angapo kunyumba ya Begum Jan. Begum Jan anakwatiwa ndi Nawab, ndiye kuti bwana wa banja lapamwamba, wachikulire ndi wolemera, wodziwika ngati munthu wopembedza, koma amene mtima wake uli pa anyamata ophunzira amene amawasunga m'nyumba mwake. Mkaziyo anangoikidwa m'nyumba pamodzi ndi katundu wina n'kuiwalidwa. Akufota ndi kusungulumwa mpaka pamene wantchito wake Rabbu ayamba kumusisita thupi tsiku ndi tsiku. Usiku kamtsikana kaja kakuona chofunda cha Begum Jan chikugwedezeka mumdima ngati muli njovu. Sikakumvetsa, kakuchita mantha. Mlembi sakutchula chimene chikuchitika pansi pa chofundacho.

Lamulo limene anamuzengera ndi ndime 292 ya Indian Penal Code, malamulo a milandu amene Angerezi anakhazikitsa mu 1860. Ndimeyi inkaletsa kusindikiza ndi kugulitsa zolaula koma sinkafotokoza kuti zolaulazo n'chiyani. Makhoti ankatsata muyeso wochokera ku mlandu wa ku England wa 1868, wodziwika ndi dzina la Hicklin: cholembedwa n'cholaula ngati chingathe kuwononga maganizo a munthu wosakhwima amene chingamugwere m'manja. Pa muyeso umenewu ndime imodzi inkakwanira kugwetsa buku lonse.

Chisamani chinamupeza ku Bombay mu Disembala 1944, atakwatiwa kale ndi Shaheed Latif, ndipo m'mbiri ya moyo wake, Kaghazi Hai Pairahan, akuti apolisi anafika iye akukonzera mkaka mwana wake wakhanda. Manto naye anaitanidwa ku khoti la ku Lahore chifukwa cha nkhani yake yotchedwa Bu. Anthu ambiri anawalangiza kuti angopepesa, alipire chindapusa, nkhani ithe. Onse awiri anakana. Mlembi wina wachikulire amene anamusunga ku Lahore anamudzudzula kwambiri, ndipo Ismat atamukumbutsa kuti iyenso analembapo za kugonana mosabisa, mkuluyo anayankha kuti zake n'zosiyana chifukwa iye ndi mwamuna.

Zimene zinachitika m'khoti tikuzidziwa makamaka kuchokera kwa Ismat mwini. Loya wake anangogwira mfundo imodzi: mboni ziloze liwu lolaula m'nkhaniyo. Mboni ina, itafufuza, inaloza pamene panalembedwa kuti atsikana ena ankasonkhanitsa okondedwa. Loya anafunsa kuti liwu loipa ndi liti, kusonkhanitsa kapena wokondedwa. Mboni itati wokondedwa, loya anakumbutsa khoti kuti liwu lomwelo ladzaza m'ndakatulo za alakatuli akuluakulu, ngakhalenso m'ndakatulo zachipembedzo. Mboniyo inatsala ndi mfundo yoti si bwino mkazi wa banja lolemekezeka kulemba zotere. Loya anapitiriza kunena kuti amene sadziwa kale za mchitidwewu sangamve kanthu m'nkhaniyi, ndipo amene akuudziwa sanauphunzire m'menemo. Khoti linamupeza wosalakwa.

Muyeso wa Hicklin unakhalabe ku India nthawi yaitali ufulu utabwera. Khoti lalikulu linautaya mu 2014, n'kunena kuti cholembedwa chiziweruzidwa chonse, poyang'ana mmene munthu wamba wa nthawi imeneyo angachionere.

Ngakhale anapambana, Ismat sanasangalale ndi kutchuka kumene mlanduwu unabweretsa. Analandira makalata otukwana, pabanja panavuta, ndipo ankadandaula kuti anthu amamudziwa ndi Lihaaf yokha ngati kuti sanalembe china chilichonse.

Dziko litagawidwa

Mu Ogasiti 1947 Angerezi anachoka, n'kusiya mayiko awiri, India ndi Pakistan. Anthu pafupifupi 15 miliyoni anasamuka, Asilamu kulowera ku Pakistan, Ahindu ndi Asikhi kulowera ku India, ndipo ophedwa panjira anali mazana a zikwi, ena amati anafika miliyoni kapena kuposa. Olemba Chiurdu anagawikanso. Lahore, kumene kunali magazini ndi osindikiza ambiri, inagwera ku Pakistan. Manto anasamukira komweko mu 1948 ndipo anamwalira mu 1955 ali wosauka. Abale ambiri a Ismat anapitanso, koma iye anatsala ku Bombay.

Za otsalawa ndi zimene analemba. M'nkhani ya Jadein, mayi wokalamba wachisilamu akukana kuchoka m'nyumba imene anaberekeramo ana ake onse pamene banja lonse likulongedza, ndipo amene akuthamangira kukabweza ana akewo panjira ndi dokotala wachihindu woyandikana nawo. Filimu ya Garm Hava ya 1973, yotsogoleredwa ndi M. S. Sathyu, inachokera pa nkhani yake ina yosasindikizidwa. Imanena za Salim Mirza, mwini fakitale ya nsapato ku Agra, amene akuona abale akuchoka mmodzimmodzi, mabanki akumukaniza ngongole poopa kuti naye athawira ku Pakistan.

Mafilimu ndi amene ankadyetsa alembi ambiri a Chiurdu ku Bombay. Ismat ankagwira ntchito ndi mwamuna wake, amene anali wotsogolera mafilimu. Ziddi ya 1948, yochokera pa buku lake, ndi imene inatchukitsa wosewera mafilimu Dev Anand. Mwamunayo anamwalira mu 1967. Iye anapitiriza kulemba, ndipo mu 1976 boma la India linamupatsa ulemu wa Padma Shri. M'nyengo yomweyo anatulutsa Ek Qatra Khoon, buku lonena za kuphedwa kwa Husain, mdzukulu wa Mtumiki Muhammad, ku Karbala m'dziko la Iraq, zomwe zinadabwitsa amene ankamuyesa mdani wa chipembedzo. Kuukalamba anadwala matenda oiwala a Alzheimer's, ndipo anamwalira ku Bombay pa 24 Okutobala 1991. Mtembo wake unatenthedwa, osati kuikidwa m'manda monga mwa mwambo wa Chisilamu. Achibale apafupi anati ndi zimene iye anafuna, koma ambiri zinawapweteka mtima.

Mafunso amene sanathe

Loyamba ndi la Lihaaf yomweyo. Kodi ndi nkhani yoikira kumbuyo akazi okondana okhaokha? Amene amati inde amaloza kuti Begum Jan akutsitsimuka, thupi likubwerera, ndipo mlembi sakumupatsa chilango. Ena amatchulanso filimu ya Fire ya Deepa Mehta, ya 1996, ngati mphukira yake. Amene amakana amati nkhaniyi ikunena za mkazi wotayidwa ndi mwamuna, ndipo zimene akuchita zikuonetsedwa ngati zotsatira za kutayidwako. Amakumbutsanso mbali imene ambiri amailumpha: Rabbu atachokapo, Begum Jan akuyamba kugwiragwira kamtsikana kaja, kamene kakuchita mantha kwambiri. Ndipo Rabbu ndi wantchito wosauka, amene sitikumva maganizo ake. Ismat mwini analemba kuti patapita zaka anakumana ndi mayi amene anamuganizira polemba nkhaniyi, atasiyana ndi mwamuna woyamba, atakwatiwanso n'kubereka mwana, ndipo anasangalala. Mbali zonse ziwiri zimatenga mawu amenewa ngati umboni wawo.

Lachiwiri: kodi anali womenyera ufulu wa akazi m'lingaliro la lero? Nkhani zake zimaonetsa nkhanza za amuna, koma zimaonetsanso akazi akuzunza akazi anzawo, mabwana aakazi akupondereza antchito. Ena amati apa ndi pamene pali kuona mtima kwake. Ena amati ankalemba bwino za mabanja apakati achisilamu amene ankawadziwa, koma osauka ankawaona ndi maso a mwana wa bwana.

Pali mkangano wina pakati pa okonda Ismat ndi okonda Qurratulain Hyder, mlembi wa Aag ka Darya ya 1959, amene ankalemba za mbiri ya zaka zikwi ndi za mabanja ophunzira apamwamba. Ismat anamudzudzulapo m'nkhani ina kuti anthu ake ndi a moyo wofewa, otalikirana ndi mavuto a anthu wamba. Owerenga mpaka lero sagwirizana kuti njira yozama ndi iti, ya khitchini kapena ya mbiri.

Funso lomaliza ndi la chiyankhulo. Achinyamata ambiri ku India, ngakhale a mabanja oyankhula Chiurdu, sathanso kuwerenga zilembo zake, choncho amamuwerenga Ismat m'zilembo za Devanagari kapena m'Chingerezi cha omasulira monga Tahira Naqvi ndi M. Asaduddin. Zenana zija zinatha, ndipo kayankhulidwe ka akazi a mmenemo kakupita ndi agogo amene ankakadziwa. Ena amati nkhani zake zikuyenda bwino m'ziyankhulo zina chifukwa mavuto a Kubra ndi Hamida adakalipo. Ena amati mphamvu yake inali m'kamwa mwa Bi Amma ndi anzake, ndipo amafunsa ngati wowerenga amene sanamvepo mayi wachikulire akutemberera kapena kudalitsa m'Chiurdu cha m'nyumba akuwerengadi Ismat yemweyo.